Sipanala Sankalemba

Msuweni wanga anapanga makina osankha mazira ndi manja ake awiri, ine ndikuona, koma madigiri a makinawo apachikidwa m'nyumba za anthu ena atatu. Nkhaniyi ikandibwerera ndimapsa nayo mtima ngati yachitika dzulo. Ndipo mwa anthu amene ndimawakwiyira, inenso ndilimo.

Kwathu tinkamutcha Sipanala. Dzinali linamukakamira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku limene anamasula chogwirira chitseko cha kubafa mlendo wa mayi ake ali m'katimo. Bambo ake, amalume anga, ndi okonza masikelo: a m'magolosale, a kubutchala, mpaka aja oyezera makanda kuchipatala. Shopu yawo ndi kachipinda kopapatiza pakati pa telala ndi wometa tsitsi, kodzaza masipuling'i, mabawuti ndi fungo la girizi. Sipanala anakulira pansi pa tebulo la m'menemo.

Amalume ndi munthu waluso, koma ali ndi chilonda chimodzi chimene sichinapole. Kale anali ndi kope lalikulu momwe ankalembamo zonse: sikelo yamtundu wakuti imadwala pakuti, ndipo imachira ukaigwira mwakuti. Mnzawo amene ankagawana naye shopu anabwereka kopelo Loweruka lina, ndipo patatha mwezi anatsegula shopu yake kutsidya kwa msewu, makasitomala n'kumutsatira. Kuyambira pamenepo amalume sanasungenso cholembedwa. Akakumana ndi sikelo yovuta amang'amba chidutswa cha katoni, kujambulapo ndi pensulo, kuchiyang'anitsitsa mpaka chilowe m'mutu, kenako n'kuchiponya m'bini. "Wakubayo abwere adzabe muno," amatero akudzigogoda pamphumi. Mwana wawo anaphunzira ntchito yonse motero, ndipo sanadziwe kuti pali njira ina.

Ine ndinachoka kwathu kale. Ndili kunja kuno, ndimakolopa pa yunivesite ina, m'nyumba ya mainjiniya, nsanjika yachiwiri. Ndine amene ndinaona chikalata pakhoma chonena za thandizo la maphunziro kwa ophunzira ochokera m'maiko ena, ndine ndinachijambula pafoni, ndine ndinamuvutitsa Sipanala mpaka analembera. Anamutenga. Thandizolo linali la zaka zinayi zokha, lopanda kubwereza, ndipo chiphaso chake chokhalira m'dziko muno anachimangirira ku thandizolo: likatha, nachonso chatha.

Maphunziro ake amawatcha mekatironikisi. Iye anandifotokozera kuti ndi zitsulo, magetsi ndi kompyuta zikakwatirana: makina amene amaona okha, kuganiza pang'ono n'kusuntha dzanja. Amalume lilime linawakanika pa dzinalo, ndiye makasitomala ankangowauza kuti, "Mwana ali kunja, akuphunzira kupanga zitsulo zanzeru kuposa inuyo."

Anafika ndi sutikesi imodzi ndi jekete yopyapyala imene kuno sungavale ngakhale pokataya zinyalala. Ndinamupatsa kachipinda komwe ndinkasitiramo zovala. Sabata isanathe anali atakonza mpopi wodontha, chitseko cha firiji ndi wailesi imene ndinali nditailira kale maliro. Ndinamuuza kuti akangokhudza ayironi yanga ndimuthira madzi. M'kalasi sanali woyamba, komanso sankalakwa mayeso. Masamu ankawakhoza. Chimene chinkamuvuta ndi malipoti: ena akulemba masamba khumi, iye awiri, ndipo ankadabwa kuti anzakewo amazitenga kuti zonena zonsezo.

Zaka zitatu zinatha m'kuzizira ndi m'mabasi. Anzake a m'kalasi ankamulimbirana ikafika ntchito yamanja, koma akamapita kokacheza Loweruka ankaiwala kumuitana. Sankadandaula. Lamlungu masana ankaimba kunyumba: mayi ake kufunsa ngati akudya, amalume kubweretsa sikelo pafupi ndi foni kuti mwana amve mmene ikulirira. Tsiku lina tinakumana m'khonde la pa ntchito panga, iye ali ndi anzake, ine ndili ndi ndowa. Analisiya gulu lija n'kudzandilanda ndowayo.

"Iwe, siya," ndinamunong'oneza. "Pano sundidziwa."

"Ndisakudziweni bwanji, asuweni? Si inu munkandisambitsa?"

"Ndiye ukufuna ndiwauzenso zimenezo? Pita. Injiniya sayenda ndi chikolopa."

Ndinamuletsa ndithu kuuza aliyense kuti ndife pachibale. Ndinkati ndikumuteteza kuti anthu asamuderere. Anamvera monyinyirika, ndipo kuyambira tsiku limenelo tikakumana pagulu ankangonditsinzinira diso limodzi.

Chaka chachinayi ophunzira amawaika m'magulu a anthu anayi kuti apange makina enieni. Gulu la Sipanala linapatsidwa ntchito iyi: mazira azibwera pa lamba, dzanja lachitsulo lizinyamula dzira limodzilimodzi, kuliyeza kulemera, n'kuliika m'thireyi yoyenera, osaliswa. Aliyense anapatsidwanso buku lobiriwira lachikuto cholimba. M'menemo munthu ankayenera kulemba tsiku ndi tsiku zimene waganiza, zimene wayesa, zimene zakanika ndi chifukwa chake. Lachisanu lililonse mkulu woyang'anira labu, amene ife tinkawatcha Amakiyi, ankadinda deti pamene munthu walekezera, kuti wina asadzalembe zonse tsiku limodzi kumapeto. Makina ankapereka malikisi a gulu, koma bukulo ndi limene linkanena kuti iwe pawekha wachitapo chiyani, ndipo wolakwa pa bukulo walakwa chaka chonse. Zonsezi anawauza tsiku loyamba, Sipanala ali pomwepo.

M'gulumo munali mtsikana wina wakhama amene ankalemba za pakompyuta, mnyamata wina amene ntchito yake yaikulu inali kukagula mazira, ndi wachitatu amene ndinamupatsa dzina loti Mlembi. Mlembi anali waulemu, ankandipatsa moni, manja ake anali oyera nthawi zonse, ndipo cholembera sichinkachoka pakhutu pake.

Miyezi iwiri yoyamba dzanja lija linkangophwanya mazira. Ndikudziwa chifukwa wokolopa ndinali ine, ndipo dzira likaumira pansi limafuna kugwada ndi mpeni. Likagwira pang'ono dzira linkapulumuka, likagwira mwamphamvu linkaphulika. Kenako Sipanala anayamba kufika seveni koloko, labu ikangotsegulidwa, anzake akadali m'mabulangete. Ankang'amba katoni ya mazira, kujambula, kuyang'anitsitsa, n'kupita pa makina ochekera zitsulo. Anachotsa zala zogula zija n'kupanga zake zitatu, kuziveka labala, n'kubisa kumbuyo kwake kasipuling'i konga ka m'masikelo a bambo ake, kuti dzanjalo lizimva kulemera kwa dzira pomwe likuligwira. Anayesa masipuling'i ambirimbiri, akuwafinya pakati pa zala zake atatsinzina. M'mawa wina dzira linanyamuka, kuyenda m'malere, n'kutera lathunthu. Tinali awiri tokha m'labumo, ndipo ndinavina ndi chikolopa.

Anzake ankafika cha m'ma teni. Mlembi ankazungulira makinawo n'kufunsa, "Apa wapanga bwanji?" Sipanala, pokondwa kuti wina wafunsa, ankakhuthula zonse, manja ali m'mwamba, ndipo Mlembi ankalemba, kujambula bwinobwino ndi rula, kuikapo manambala. Sindinganene kuti ankaba. Ankachita zimene anauzidwa kuchita, pamaso pa aliyense.

Buku la Sipanala ndinalipeza tsiku lina pansi pa mwendo wa tebulo la makinawo. Tebulolo linkagwedera, ndipo bukulo linakwanirapo bwino.

"Sipanala, bukuli anakupatsa kuti uzichirikizira matebulo?"

"Ndilemba, asuweni."

"Liti?"

"Makina akatha. Zonse zili muno." Anadzigogoda pamphumi ngati bambo ake.

Ndinalitsegula. Tsamba lililonse linali ndi chidindo cha Amakiyi, pamwamba pake mawu owerengeka. "Ndasintha zala. Zikugwira." Lachisanu lotsatira: "Ndasintha sipuling'i. Ili bwino." Amakiyi anamuchenjeza kawiri, ine sindikudziwa kangati. Bola munthu wouma mutu wolongolola, umadziwa kuti wakana. Uyu ankangoti "chabwino" pa chilichonse, mwaulemu wonse, n'kubwerera ku zitsulo zake.

Makatoni ake ojambulidwa ndinkawapeza patebulo m'mawa uliwonse, ndipo ndinkawasesera m'thumba la zinyalala monga ndinkaonera kwa amalume. Koma miyezi yomaliza makinawo anakula, mawaya anachuluka, ndipo mutu wake unadzaza, ngakhale iye sakanavomera. Anayamba kuunjika makatoniwo pansi pa benchi. Kutatsala masabata atatu kuti mayeso achitike, bwana wathu wa okolopa anati kukubwera oyendera za moto, katoni iliyonse ichoke m'malabu pofika Lachisanu. Ndinadzaza matumba awiri akuda. Ndinaona ndithu kuti makatoni ena ali ndi madeti pakona, koma sindinaganizepo kanthu. Ndinakawaponya kuseri, kumene lole imadzatenga mapepala Lolemba lililonse.

"Mwataya zija zinali apa?" anandifunsa atafika.

"Eya. Si zinyalala?"

Anayang'ana pansi pa benchi kanthawi, kenako anaseka. "Zinyalala ndithu."

Tsiku la mayeso ndinachedwetsa dala ntchito kuti ndisuzumire pagalasi la chitseko. Mathireyi awiri a mazira anadutsa pa lamba, osasweka ngakhale limodzi. Aphunzitsi anawomba m'manja. Kenako woyesa wochokera ku yunivesite ina, amene sankawadziwa ophunzirawo, anawaitana mmodzimmodzi, buku la aliyense lili patsogolo pake. Mlembi anakhalamo theka la ola. Sipanala sanathe mphindi khumi. Anandiuza pambuyo pake kuti anamufunsa mmene anadziwira kulimba kwa sipuling'i yoyenera, ndi kumene kunali mawerengero ake.

"Ndiye unayankha chiyani?"

"Ndinati ndinaimva m'zala."

"Basi?"

"Nanga ndiname?"

Atatu aja anakhoza. Pa dzina la Sipanala analemba kuti palibe umboni wokwanira wa ntchito yake ya uinjiniya. Anamulembera kalata yomupatsa masiku khumi oti akadandaule ku komiti ya mayeso, ndipo kalatayo inati abweretse chilichonse chosonyeza mmene ankaganizira: zojambula, mawerengero, ngakhale zolemba papepala wamba. Anaiwerenga mokweza atakhala pabedi m'kachipinda kake. Atafika pa mawu oti papepala wamba anaima, osandiyang'ana, kenako n'kupitiriza. Sananene kanthu za makatoni aja, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa kutukwanidwa. M'mawa mwake ndinakapisa m'mabini onse a kuseri, ndikudziwa bwino kuti lole yadutsa kangapo.

Mlembi ndinamudikirira pamasitepe.

"Ukudziwa amene anapanga zala zija," ndinatero.

"Ndikudziwa, mayi. Ndalembera komiti kuti ankagwira ntchito kuposa tonsefe."

"Kawauze kuti za m'buku mwako zinatuluka m'kamwa mwake."

Anayang'ana nsapato zake. "Ndikatero ayamba kufunsa za buku langa. Ntchito ndapeza kale, ndikuyamba mwezi wamawa. Pepani."

Ndinamumvetsa. Kumukhululukira ndiye ayi.

Amakiyi analemba kalata yoti mnyamatayu sankachoka m'labu. Komiti inayankha kuti kupezeka m'labu n'kwabwino, koma digiri ya uinjiniya sapereka chifukwa cha luso la manja lokha. Ndiye ndinapita ndekha, nditavala yunifolomu yanga. Anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Ndinawauza za seveni koloko, za masipuling'i, za dzira loyamba, za matumba awiri akuda. Anamvetsera ndithu, wina mpaka ankalemba. Kenako mayi wina wa magalasi anafunsa mofatsa ngati pali ubale pakati pa ine ndi wophunzirayo.

"Ndi mwana wa amalume anga."

"Ndipo zaka zinayi zonsezi palibe amene ankadziwa?"

"Ndinamuletsa ndine."

Amene ankalemba uja anaika cholembera pansi. Anandithokoza kwambiri, wina n'kunditsegulira chitseko.

Sindikunena kuti komiti inanama. Lamulo linali poyera, ndipo msuweni wangayo analiphwanya maso ali gwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti aliyense m'nyumba imeneyo, kuyambira aphunzitsi mpaka wogula mazira, ankadziwa amene anapanga makinawo. Chigamulo chinali chakuti abwereze ntchitoyo chaka chamawa, ndipo papepala chinkaoneka chachifundo. Koma thandizo linali litatha, chiphaso chinatsala ndi masabata asanu ndi limodzi, ndipo chikolopa changa sichikanamusunga chaka china pa yunivesite. Anzake atavala mikanjo n'kumajambulitsa pa kapinga, Sipanala anali kunyumba akukonza loko wa sutikesi.

Ndinamuperekeza pokwerera basi ya ku bwalo la ndege. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa, koma iye anandipatsa jekete yochindikala imene ndinamugulira, nati kwathu alibe nayo ntchito, n'kundiuza kuti mpopi wa kubafa ndisamaukanikize kwambiri potseka. Basi inabwera ndisanatulutse ngakhale liwu limodzi.

Amalume ndinawaimbira ndekha kuti ndiwafotokozere. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Waona?" anatero. "Ndinkanena ine. Anthu olembalemba ndi akuba."

"Amalume, mwanayu wagwa chifukwa cha kope lanu lija. Mnzanu uja anakuberani makasitomala, inu mwamubera mwana wanu digiri."

Ndinali ndisanawayankhepo motero chibadwire. Anadula foni, ndipo mpaka lero tikalankhulana timangopatsana moni.

Sipanala ali kwathu, m'kachipinda kaja pakati pa telala ndi wometa. Amakonza masikelo, makina ochapira ndi mamota a mageti. Fakitale ina yothira zakumwa m'mabotolo imamuitana makina akaima. Amalowera khomo la kumbali, kukonza, ndipo injiniya wa pamenepo amasainira kuti zatheka. Sipanala atafunsa za ntchito yokhazikika anamuuza kuti abweretse pepala. Amalume amamutchabe "injiniya wathu" pamaso pa makasitomala, iye amangoweramira patebulo.

Makina aja anawaika pakhomo lalikulu la nyumba ya mainjiniya kuti alendo aziona. Patatha miyezi isanu ndi itatu, kutatsala masiku awiri kuti makolo ndi ana ofuna kulembetsa adzayendere sukulu, anayambanso kuphwanya mazira. Aphunzitsi awiri anatsegula buku la Mlembi n'kulitsata tsamba ndi tsamba, koma dzira lililonse linkathera pansi pomwe ine ndimakolopa. Amakiyi anandipeza m'khonde, akudzikanda kumutu.

"Mayi, nambala ya m'bale wanu uja muli nayo?"

"Ndili nayo. Bwanji osakafunsa komiti? Si ndiyo ikudziwa amene anapanga makinawo?"

Ndinawasiya ataima pomwepo, mtima wanga uli mbee. Pa nthawi ya tiyi ndinamuimbira Sipanala kuti tisekere limodzi. Sanaseke.

"Akuphwanya akamanyamula kapena akamatula?"

"Ndikudziwa ine? Aphwanye basi!"

"Asuweni, pitani pomwepo. Yatsani kamera."

Ndinapita, ndikutukwana chamumtima. Ndinaima ndi foni m'manja, Amakiyi atagwada ndi zida zawo, aphunzitsi awiri aja ataweramira kagalasi ka foni yanga. Kumbuyo kwa Sipanala ndinkaona masikelo a amalume atapachikidwa pakhoma. Anawauza kuti avule labala wa chala chapakati, ayang'ane kabawuti kobisika kamene sikali m'buku la aliyense, akamasule pang'ono, ayi, mwapyola, bwezani. Analankhula pafupifupi ola lathunthu, nkhope yake ikuwala mmene ndinali ndisanaionere chichokereni kuno. Kenako dzira linanyamuka n'kutera lathunthu. Aphunzitsi anamuthokoza, mmodzi anati mnyamatayu ali ndi manja odabwitsa, n'kumapita.

Ndinatembenuzira foni kwa ine. Misozi inali italengeza m'maso mwanga, ya ukali.

"Wawathandiziranji anthu amenewa?"

"Makinawo sanandilakwire, asuweni."

Kenako anasendeza nkhope pafupi ndi foni yake.

"Tatembenuzaninso kamera. Auzeni Amakiyi asazimitse. Ndione thireyi imodzi yokha."

Ndinaigwira foniyo mpaka mkono unachita dzanzi.